Tsiku limene apongozi anga anafika kutsogolo kwa mzere

Chaka chija mtengo wa unga unakwera ife tili mtulo, n'kudzuka m'mawa thumba lomwe lija likufuna ndalama zoti munthu agwirire ntchito masiku ambirimbiri, ine ndinali wamsinkhu wanuwu, ndipo tinkakhala konkuno ku Kanyama, komboni ya m'mphepete mwa tauni, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ine, amuna anga ba Tembo, mwana wathu Tisa akadali wa kumsana, ndi apongozi anga amene anachokera ku Katete kudzaonetsa miyendo yawo kuchipatala. Tsono inu ana anga mukundionetsa pafoni anthu a m'maiko akutali akuthamangitsana ndi apolisi chifukwa cha mtengo wa buledi, ndipo mukuti ife akale tinali amantha. Iwe Chanda, taika pansi foniyo, makutu ako sali m'zala.

Masiku amenewo mkuwa unali utagwa mtengo, ndipo eni ndalama a kunja, anthu oti matope a Kanyama sanawapondepo, ndiwo ankauza boma mtengo woti ife tigulire chakudya. Lero katundu ali mbwee m'masitolo koma m'thumba mulibe kanthu, pamene nthawi ija ndalama unkatha kukhala nayo koma mashelefu ali pululu. Sopo, shuga, saladi, ndiye kuti mafuta ophikira, unga, zonse zinali za pamzere.

Ndipo mzere unali ndi lamulo lake. Ukafika pasitolo ya boma m'mamawa unkaika mwala pamalo pako n'kubwerera kukatunga madzi, ndipo mwalawo unali iwe amene, palibe ankaudumpha. Koma pankafunika munthu mmodzi wokhala pomwepo, woti mzere ukayenda azisuntha miyala ya anzake. Apongozi anga ntchito imeneyi anaikonda koopsa, pakuti kuyenda kunkawavuta koma kukhala pansi ankakutha, ndipo mwala uliwonse ankaudziwa mwini wake. Ankati kumudzi munthu akakusungitsa chinthu suchisiya mpaka mwini wake abwere.

Tsiku limenelo ba Tembo potuluka kupita kuntchito anaima pakhomo nati, "Amake Tisa, lero bamayi basachoke panyumba. Mu tauni vinthu sivili bwino." Ine ndinavomera. Koma atangopita, mnansi wathu bana Bwalya, mayi wa ku Kitwe, anandinong'oneza kuti lole ya unga ifika masana, ndipo m'nyumba munali unga wa tsiku limodzi lokha, Tisa naye thupi lili moto ndi malungo. Ndinawanyengerera apongozi ine ndemwe, ndisanamizire munthu, ndipo ndinawaperekeza mpaka pasitolo n'kuwasiya ndi miyala inayi ya nyumba zinayi, ali kumbuyo kwenikweni kwa mzere.

Dzuwa lili pamutu tinamva phokoso ngati la ku bwalo la mpira, kenaka mfuti. Anyamata ndi ana a sukulu anali atatseka msewu ndi matayala oyaka, akufuula za unga, ndipo amayi amene dzulo lake ankaimba kwaya anali momwemo. Mkwiyo umenewo unali woona, ana inu, nanenso ndinali nawo, koma nthawi imeneyo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, nkhalamba yosatha kuthamanga imene ndinaikhazika pakhomo pa sitolo.

Ndinasiya Tisa kwa bana Bwalya n'kuyamba kuthamanga, anthu onse akubwera kuno ine ndikupita uko. Wina wasenza thumba la unga, wina mabotolo a saladi m'malaya, bambo wina wanyamula sikelo ya m'sitolo, kaya ankati akapime chiyani kwawo. Utsi wa apolisi unkawawa m'maso ngati tsabola. Ndinagwira mayi wina mkono kumufunsa ngati waona gogo wovala duku lobiriwira, ndipo iye anati, "Kusitolo musayendeko, kuli munthu bamuphimba chitenje."

Ndinathamangabe mpaka ndinafika. Zitseko zinali zitazulidwa, magalasi ali paliponse, unga utatayikira m'matope, asilikali atatu ataima ndi mfuti. Ndipo pafupi ndi khomo panali munthu wophimbidwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi ndi chitenje chimene ndinachichapa ine dzulo lake. Ndinagwada pomwepo, kulira kosatuluka mawu, ndikuganiza kuti ndikawauza chiyani ba Tembo, ndikawauza chiyani anthu a ku Katete.

Kenaka chitenje chija chinagwedezeka, mutu n'kusuzumira, maso ali psuu ndi utsi.

"Amake Tisa, mwachedwatu," anatero apongozi. "Anthu onse achoka pamzere. Tsopano oyamba ndife."

Ndinayang'ana pansi, ndipo miyala inayi ija inali itandandalikidwa bwinobwino pakhomo penipeni. Anthu pamene ankathyola zitseko ena n'kumathawa, apongozi ankaona kuti mzere ukuyenda, ndipo ankakwawa n'kumasuntha miyala umodziumodzi mpaka kufika kutsogolo. Msilikali mmodzi anapukusa mutu nati, "Ni banu aba? Tabauza kangati kuti bachoke, bakana. Bakuti miyala ni ya bene, sibangaisiye." Ankayesa kuumitsa nkhope koma milomo ikunjenjemera ndi kuseka.

Ine ndinaseka ndikulira nthawi imodzi, ndinawakumbatira, ndinawagwiragwira mikono ndi miyendo kuona ngati pali bala, koma analibe ngakhale kokalika. Mpumulo ngati umenewo sindinaumvenso m'moyo wanga wonse. Ndinawabereka kumsana ngati mwana, iwo akudandaula njira yonse kuti malo abwino chotere tikuwataya.

Pofika kunyumba tinapeza ba Tembo ali pakhomo, atayenda wapansi kuchokera kuntchito chifukwa mabasi anali atasiya kuyenda, ndipo bana Bwalya ataima pambali akuyang'ana pansi. Amuna anga sanali munthu wolalata, koma tsiku limenelo nkhope yawo inandiopsa. Anayang'ana amayi awo, n'kuyang'ana ine, nafunsa motsitsa mawu, "Anabatuma ni ndani?"

Ndisanatsegule pakamwa apongozi anayankha ali kumsana kwanga komweko. "Kunditumatu ine? Ndine mwana? Ndinazemba ndekha mkazi wakoyu akusambitsa Tisa, ndipo wandifunafuna pakati pa mfuti iwe uli kuntchito. M'malo moima ngati mtengo, tandilandira, msana wamupweteka mnzako."

Patapita masiku ochepa boma linatsitsa mtengo uja, ndipo anthu anavina m'misewu, koma m'komboni muno munali nyumba zina zimene zinali ndi maliro, ndipo ife tinapita kukakhala nawo. Ndiye ine sindikuletsani kukwiya, ana anga, zinthu zikafika pakhosi munthu amayenera kulankhula, ndipo tsiku lina mwina mudzatuluka nanunso. Koma musanatuluke muziyamba mwaona kuti aliyense wa m'nyumba mwanu ali kuti, makamaka amene sangathe kuthamanga.

Ba Tembo anapita kumanda akukhulupirirabe kuti amayi awo anazemba okha. Apongozi sanabwererenso ku Katete, anakhala nafe mpaka kumwalira, ndipo miyendo itakaniratu ndinkawasambitsa ndi kuwanyamula ine. Anthu ankati Tembo anakwatira mkazi wamtima wabwino, ndipo gogo uja akamva zimenezo ankangonditsinzinira diso.