Wilibala yanga ndi ngalande ya ku Kanyama

Anzanga omvera, ine ndimakhala ku Kanyama. Chitsekereni fakitale yathu, ndimadyera kuwolotsa anthu pa wilibala mvula ikasandutsa msewu dziwe.

Nthawi ya kampeni ndinawolotsa amayi ena ofuna ukhansala. Anzawo ankalonjeza holo ndi bwalo la mpira, koma iwo anandiuza kuti adzayamba ndi ngalande.

Mtima unandipweteka. Ndinafunsa, "Bamayo, madzi akachoka, ine nizadya chani?"

Anaseka nati, "Manje doti ya mu ngalande azanyamula nindani? Muisunge bwino wilibala iyi, batate."

Kaya adzapambana, sindikudziwa. Koma tsiku lomwelo ndinapaka gilizi gudumu la wilibala yanga. Madzi amene amandidyetsawa ndi omwenso amatsegula ana anga m'mimba. Aume basi.