Tinkati ndi chilungulira

Omvera anzanga, ndine mayi wa ku Mphunzi, ndipo ndikulemba kalatayi kuti mumve zimene zinandichitikira.

Mwezi wa Juni tinkakumba mbatatesi kudimba ndi akulu anga. Kunkazizira koopsa, koma iwo thukuta linali kamukamu. Kenaka anakhala pansi, akupuma mobanika.

"Asisi, kwagwanji?" ndinafunsa.

"Ndi chilungulira chabe. Nsagwada ndi msana zikuwawa, nserunso."

Ndinachita zomwe timachita kwathu: ndinasungunula phulusa m'madzi n'kuwapatsa kuti amwe. Poti sanatchule zobaya pachifuwa, za mtima sindinaziganizeko. Ndinati apume kaye, ine ndimalize mzere umene unatsala. Nditabwerera ndinapeza zinthu zitaipiratu. Pomwe tinkafika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Anamwino anandiuza kuti unali mtima, ndipo kwa amayi umatha kubwera choncho, mobisala.

Sabata yatha ndikukwera chitunda, ndowa ili pamutu, mpweya unandithera, nsagwada n'kuyamba kuwawa. Ndinaitula pomwepo n'kukuwa kuti andithamangitsire kuchipatala. Pano ndikumwa mankhwala, koma mantha sanandichoke.

Amayi anzanga, musadikire kumaliza mzere. Ine ndinaumaliza, ndipo mbatatesi zija tinaphikira anthu pamaliro a akulu angawo.