Mayankho Ofufuta a Lorraine

M'mawa wina wozizira, pamalo odikirira basi mumzinda wa Toledo, bambo wachikulire anali atasanjika nyuzipepala pabondo, akudzaza mawu m'timabokosi ta patsamba lomaliza. Mayi amene anakhala pambali pawo ankangosuzumira.

"Pepanitu bambo, mukufufutiranji? Mtsinje wa ku Iguputo ndi Nailo, munalemba bwinobwino."

"Ndikudziwa, mayi."

"Aa, mwafufutanso mayankho onsewo! Ndiye mumavutikiranji?"

"Ndimakanikiza pensulo kwambiri. Ndikafufuta, zilembo zimatsala zitadindika. Tapendeketsani pepalali muone."

"Eedi, zikuoneka."

"N'za akazi anga, a Lorraine. Ali kunyumba yosamalira okalamba, komwe basiyi imathera. Zaka makumi anayi ankadzaza okha timabokositi, ndi bolopeni, khofi asanazizire. Ukangowanong'oneza yankho, basi, tsiku lonse sakuyankhula."

"Ndiye pano mutu sukugwira?"

"Mawu anawathawa. Koma akaona zidindozi amangotsata, kenako amvekere, 'Za lero n'zophweka, akutiyesa ana.'"

"Sanakutulukirenipo?"

"Ayi. Kukhala kale, akanandigenda nayo kumaso nyuziyi."

"Komabe amasangalala mukafika."

"Kwambiri. Dzulo anandigwira dzanja, amvekere, 'Zikomo bambo, inu ndiye simuchedwa. Kodi mwayamba liti ntchito yogawa nyuziyi?'"

"Mayo ine! Ndiye munayankha chiyani?"

"Ndinati ndayamba kalekale, mawa ndibwera nayonso. Tandithandizani apa mayi, basi isanafike. Funsoli likufuna dzina la mbalame la zilembo zisanu. Lero maso akundivuta."