Maluwa anaphimba dzina la malume a mkwatibwi

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye! Lero mtima wanga ukudumphadumpha, ndiloleni ndikuuzeni momwe khadi la ukwati linatsala pang'ono kupasula ukwati womwewo.

Ndine mlimi wa fodya ku Lisasadzi, ndipo ndinali nkhoswe ya mphwanga Yohane. Akuchikazi ankatikayikira kale, ati ife a fodya timadzimva. Wotsogolera madandaulo anali malume a mkwatibwi, a Phiri, munthu wosachedwa kupsa mtima.

Yohane anakonza khadilo pa laputopu ku Lilongwe, lokongola zedi, n'kunditumizira pa foni ngati fayilo ya Word. Ndinathamangira pa Boma kukasindikiza. Pepala loyamba litatuluka, thukuta linangoti kamukamu. Maluwa a pakona anali atasuntha n'kukhala pa dzina la a Phiri, pomwe langa linali poyera, lalikulu ngati chikwangwani! Ndinayesa shopu ina, mizere inabalalika kuposa poyamba, ndipo wapashopu anangoti ndi mmene fayilo yabwerera. Yohane pa foni ankalumbira kuti kwa iye zonse zili m'malo mwake. Masana omwewo a Phiri ankabwera kudzatenga makadi a kwawo. Ndikanati yalakwa ndi kompyuta, akanandimvera ndani?

Ndinakhala pakhonde la shopuyo, chipewa m'manja, n'kunena chamumtima kuti Ambuye musandichititse manyazi.

Ndisanati ameni, anatulukira mayi wina wachisilamu wogulitsa zitenje, amene anabwera kudzasindikiza zithunzi za katundu wake.

"Achimwene, mwagwa nkhope bwanji?"

Nditamuonetsa pepala n'kumufotokozera zonse, anaseka. "Zinandichitikirapo izi. Word ndi yolembera ndi kukonzera, ikafika pa kompyuta ina imatha kusintha. Muuzeni mphwanuyo aisunge fayiloyo ngati PDF. Imeneyo ili ngati belo losoka kale, silimasuka m'njira."

Za belo ndinazimva msanga. Yohane anatumiza PDF, ndipo abale inu, khadi linatuluka ndendende monga linalili pa laputopu yake! Ndinafuula aleluya mpaka akabaza panja anatembenuka.

A Phiri atafika, anayendetsa chala pa dzina lawo pang'onopang'ono, kenako anati, "Apa ndiye mwatilemekeza." Tsiku la ukwati ndi iwo anayamba kuvina pa perekaniperekani, atandigwira dzanja.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mngelo wovala mpango, yemwe ngakhale dzina sindinamufunse. Inu amene mwakhala pakhonde lero mutasowa chogwira, musasiye kupemphera. Thandizo langa linali pamzere pashopu pomwepo, likudikira kusindikiza.