Mbande pa Kaliyala ya a Mphezi

Bwana wamkulu, akuluakulu a mu ofesi, a wapampando ndi mamembala a kalabu yathu ya njinga zamoto, amayi akunyumba kwa a Mphezi pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, anzanga nonse apantchito, ndakuonani. Zikomo.

Amene simundidziwa, ine ndine mdala wa maluwa. Ndimasesa pabwalopa ndi kuthirira maluwa a pakhomo la ofesi. Lero tikutsanzikana ndi a Mphezi, amene akupuma ntchito. Ndiyankhula pang'onopang'ono, mundipirire.

Sabata yatha a Mphezi anandipeza pampopi. Nkhope ili khuma. Akuti, "Mdala, adokotala andiletsa njinga chifukwa cha bondoli. Nanga ine ndikachoka, mbande zija azinyamula ndani? Anzangawa amakonda liwiro. Mitengo yaing'ono ija siifa?" Ndinawauza kuti ndidzayankha lero, pamaso pa anthu. Koma mundilole ndiyambire kumene zinayambira.

Dzina la Mphezi sanabadwe nalo. Tinawapatsa ndife. Zaka makumi atatu ndi ziwiri akunyamula makalata ndi katundu pakampani ino, palibe phukusi limene linachedwa. Bwana asanamalize kunena kopita, iwo atalowa kale mumsewu. Ukati "mwadzuka bwanji," ankayankha ndi hutala ali patali. Ine ndinakwerapo kamodzi kumbuyo kwawo. Nditatsika, miyendo inakana kundidziwa.

Tsiku lina, zaka khumi ndi zinayi zapitazo, anazimitsa njinga pafupi ndi ine. Ndinadabwa, chifukwa munthuyu sankaima.

Akuti, "Mdala, mtengo umadya chiyani?"

Ine ndikuti, "Madzi ndi manyowa."

"Ayi. Umamwanso utsi."

Mwana wawo wamkazi, uyo wakhala apoyo, ndi amene anawauza atabwera nazo kuchokera kusukulu. Akuti utsi wa mu ekizozi suthera pompo. Umakwera kumwamba, n'kukayala ngati bulangete, dziko n'kumatentha, mvula n'kumasokonekera. A Mphezi anayang'ana kumwamba. Nanenso ndinayang'ana. Sindinaonepo kanthu. Koma iwo anati, "Utsi wanga wa zaka zonsezi uli pamenepo. Inu mumasesa pansi pano. Nanga kumwambaku asesa ndani?"

Mawu amenewo sanandichokebe m'mutu.

Loweruka lotsatira anaika lamulo mu kalabu, ija ankangopita nayo kokathamanga m'misewu yakunja kwa tauni. Aliyense akasintha oyilo, abzale mtengo. Anapempha malo aja ankakumbapo miyala, opanda ndi udzu womwe. Mbande anandiuza kuti ndifese ine, kuseri kwa sitolo. Ndinazilera miyezi inayi. Makumi asanu ndi limodzi, zobiriwira, masamba ali gwa.

Tsiku lobzala linafika. Amuna khumi ndi awiri anamanga makatoni a mbande pamakaliyala. Ine ndinatsatira pa lole ya kampani ndi makasu. Ndikumva vuu! Onse zii.

Nditafika ndinawapeza ataima mozungulira, zisoti zili m'manja, ngati pali zovuta. Ndikusuzumira m'makatoni. Abale anga, timitengo tokhatokha! Mphepo inapulula masamba onse m'njira. Katoni ya a wapampandowa inafika ndi dothi lokha. A makaniko athu n'kumati, "Tibwerere tikatole masambawo, guluu ndili naye."

Sekani, koma ine tsikulo sindinaseke. Ndinawafunsa a Mphezi kuti, "Kodi khanda mumathamanga nalo chonchi?" Pa mbande zonsezo zinaphukanso zisanu ndi ziwiri. Mumtima ndinati basi, nkhani ya mitengo yathera pomwepa.

Lolemba m'mawa ndikuona a Mphezi abwera kuseri kwa sitolo, anjuta pambali panga. Akuti, "Mdala, ndiphunzitseni kunyamula khanda."

Ndinawaonetsa. Mbande muzipendeketsa, mitu iloze kumbuyo. Pamwamba muzifunditsa chiguduli chonyowa. Ndipo njinga iziyenda ngati mwanyamula mazira a eni ake.

Zimene ndinaona ulendo wachiwiri, ndikadauzidwa ndi munthu ndikadati bodza. A Mphezi, awa amene, akupitiriridwa ndi bambo wa njinga yakapalasa atanyamula zitseko ziwiri! Bamboyo n'kuwacheukira, akuti, "Achimwene, yafa? Ndikukankheni?" Magalimoto pambuyo hutala ali pii pii. Iwo phee, maso kutsogolo. Anzawo khumi ndi mmodzi ali pamzere kumbuyo kwawo, wina thukuta lili kamukamu chifukwa cha manyazi. Tsikulo silinagwe tsamba ndi limodzi lomwe.

Kubzala n'kosavuta. Ntchito ili pa chilimwe. Loweruka lililonse, dzuwa likuswa mtengo, munthu aliyense zigubu ziwiri za madzi, uku ndi uku. Amayi, lero ndikuuzeni kumene zinkapita zigubu zanu. Musawakalipire, apuma ntchito.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkayesa kuti mawuwa ndi a anthu ngati ife, oyenda pansi. Sindinkadziwa kuti mphezi nayo ingadekhe.

Amene simunafikeko kumalo kuja, mukafike. Pamene panali miyala yotentha, yoti buluzi ankadutsapo mothamanga, lero pali mthunzi. Mukazimitsa injini mumamva masamba akuyankhula pamwamba. Mbalame zabwera zokha, palibe anaziitana. Mitengo isanu ndi iwiri yoyamba ija, yopululidwa ija, lero sindingathe kuikumbatira ndi manja awiriwa. Ndikaima pansi pake ndimavula chipewa. Ine ndakhala ndi zomera moyo wanga wonse, koma sindinaonepo nkhalango yobwera pa kaliyala.

Ophunzira akuti utsi ndi wambiri, mitengo yathuyi singaumalize. Mwina n'zoona, ine za kumwamba sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu uyu anaona pamene wadetsa, n'kutenga tsache.

A Mphezi, zikomo. Zikomo chifukwa cha makalata amene sanachedwe. Zikomo chifukwa chosachita manyazi kunjuta pansi, inu munthu wa injini, n'kumafunsa nzeru kwa wosesa.

Tsopano funso lanu lija.

Lero m'mawa, inu mukulimbana ndi tayi kunyumba, anzanuwa anabwera kuseri kwa sitolo. Sanakuuzeni dala. Njinga makumi awiri ndi zitatu. Ziguduli ananyowetsa okha, mitu ya mbande analozetsa kumbuyo okha, ine sindinatsegule pakamwa. Patsogolo panali mayi awa timawatcha a Namondwe, amene inu mumati liwiro lawo limakuopsani. Anandiuza kuti, "Agogo, kwerani kumbuyo kwanga mukhale mboni." Ndinapemphera, n'kukwera.

Taonani miyendo yanga. Ikundidziwa bwinobwino.

Tinapitiriridwa ndi njinga zakapalasa zitatu, ndinawerenga. Titafika ndinavundukula katoni iliyonse ndi manja anga. Masamba onse ali pomwepo. Abzala, athirira, ndipo agawana kale Maloweruka a chilimwe chino.

Mbande imodzi ndinaibweza. Nayi. Yapita ndi kubwera pa njinga yamoto, ndipo tsamba lililonse lilipo, muwerenge nokha. Mukaibzale pakhomo panu, pamene mudzaike mpando. Mitengo yanu siifa, a Mphezi. Yankho langa ndi limenelo.

Kapumeni. Bondolo lipume, amayi akuoneni masana, zidzukulu zikukwereni pamsana. Mukalakalaka mthunzi uja, a Namondwe adzakutengani, ndipo adzakufunditsani chiguduli chonyowa.

Tsopano tonse tiimirire, tiwaombere m'manja. Apa pokha, anzanga a njinga, ndakulolani liwiro!