Mlonda wa Njira ya Zombo

Malemu achemwali anga anabadwa pa 9 Malichi 2131, m'banja la ana awiri. Ine ndikulankhulane ndine mng'ono wawo. Bambo athu anali makaniko m'chombo chonyamula tirigu m'mlengalenga. Mu 2143 achifwamba anachilanda chombocho, ndipo bambo sanabwererenso. Tinalira maliro opanda bokosi.

Atamaliza sekondale mu 2149, malemu analowa gulu la asilikali operekeza zombo za anthu wamba. Amayi anawaletsa mpaka misozi, koma munthuyu akati ndikupita, amakhala atapita kale. Kuntchito anzawo ankawatchula kuti Achete, poti mawu anali osowa ngati mvula ya m'chilimwe.

Mu 2156 anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu, ndipo anadalitsidwa ndi mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo ali ndi zaka zinayi, malemu anatumizidwa kusiteshoni yomaliza ya ulonda panjira ya zombo. Kunali kachipinda ka bedi limodzi, wailesi, ndi zenera laling'ono ngati mbale. Anakhalako okha zaka khumi. Alamu athu atamwalira mu 2165, uthenga unawapeza udzu utamera kale pamanda.

Pa 2 Juni 2168, achifwamba anazinga chombo cha anthu 412, ambiri mwa iwo odwala opita kuchipatala. Thandizo linali kutali ulendo wa masiku asanu. Malemu anatuluka okha pakandege kawo, nkudziika pakati, nkuwakokera achifwambawo kutali mpaka chombo chija chinapulumuka. Anabwerako makutu atagontha, mapapo atapsa ndi utsi. Anthu opulumukawo sanaione nkhope yawo. Anangomva mawu awo pawailesi, akuwauza kuti asatembenuke.

Anapuma pantchito mu 2170. Atafika pakhomo panga, mwana wawo, amene ndinalera ine, anawapatsa moni wa alendo, kenako nkunditsatira kukhitchini kudzafunsa kuti aziwaitana kuti ndani. Malemu sanadandaule. Anati mwana ndi wa amene anamupukuta mamina. Anapeza kachipinda pamwamba pa shopu ya wosoka nsapato, ndipo ankakhala pazenera kulemba m'kope mabasi odutsa, ngati akadali paulonda. Tikapitako tinkacheza polemberana papepala. Ndivomere pamaso panu kuti sitinkapitako kawirikawiri.

Mapapo anayamba kuvuta mu Okutobala chaka chatha. Anagonekedwa m'chipatala pa 14 Januwale, ndipo anatisiya pa 20 Januwale 2189, dzuwa lili paliwombo, pambali pawo pali namwino yekha. Mwana wawo anali m'njira. Anafika patatha ola limodzi.

Malemu asiya mwana mmodzi, adzukulu awiri, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza namwino uja powagwira dzanja, abambo osoka nsapato amene ankawakwezera madzi pamasitepe tsiku ndi tsiku, komanso asilikali atatu amene abwera kudzanyamula bokosi.

Achemwali, tinachedwa kukudziwani. Mzimu wanu uuse mumtendere.