Mvula ya pa 30 Febuluwale

Atatha zaka makumi atatu ndi zinayi kunja, bambo amene abale awo ankangowatchula kuti Akunja anabwerera kusukulu yawo yakale, jekete yaubweya ili pathupi, thukuta lili noninoni, kudzalankhula kwa ana za kusintha kwa nyengo. Kunatsala mphindi makumi awiri, ndipo nkhani yawo yonse inatsamira pa buku lakale la zanyengo limene mayi wina wophunzitsa jogalafe ankasunga m'kabati pamodzi ndi choko ndi mpira wophwa.

"Aphunzitsi, nditulutsireni zaka zanga," anatero Akunja, akudzikupiza ndi chipewa. "Ana aone ndi maso kuti kale kuno kunali dziko. Mvula inkadziwa tsiku lake. Osati ng'anjo mwatisungirayi."

"Zaka ziti, bambo?"

"Pamene pabwalopo panali mitengo, osati poimika magalimoto."

"M'buku simulembedwa mitengo. Mumalembedwa chaka."

Akunja anatchula chaka. Mayiyo anatsegula buku, nafika pamasamba omangidwa ndi mphira.

"Eee. Zaka zitatu izi ndiye sitizigwiritsa ntchito."

"Simutani?"

"Akatswiri a ku yunivesite anadzajambula buku lonse. Amati kuti udziwe ngati nyengo yasintha pamafunika zaka makumi atatu, ndiponso malo ambiri, osati sukulu imodzi. Atayerekeza ndi mabuku a madera oyandikana nafe, zonse zinagwirizana: kutentha kukukweradi. Koma izi zitatu anazikana."

"Chifukwa?"

"Mwana amene ankalemba ankapeka."

Akunja anavala magalasi, nawerama. Zilembo zopendekera kumanzere zija anazizindikira ngati mmene munthu amazindikirira mwana wake kupolisi. Zinali zawo. Ndi iwo amene ankatumidwa m'mawa uliwonse kukaona choyezera mvula ndi kutentha n'kulemba m'bukumo.

"Kupeka ndi mawu aakulu, mayi."

"Onani nokha. Kutentha madigiri 24, Lolemba mpaka Lachisanu. Sabata yotsatira 24. Chaka chonse 24."

"Ndi zimene ndikunenazo! Kale nyengo inali yokhazikika. Inali ndi ulemu."

"Loweruka ndi Lamlungu kulibe mvula ngakhale dontho, zaka zitatu."

"Inkapuma. Tonse tinkapuma masiku amenewo."

"Mvula?"

"Inu munali musanabadwe."

"N'zoona," anavomera mayiyo, natembenuza tsamba. "Nanga apa? Mamilimita 40, pa 30 Febuluwale."

Akunja anakhosomola. Anali atawerenga malipoti onenepa ngati njerwa m'zinenero ziwiri, koma palibe ngakhale limodzi limene linawakonzekeretsa tsiku limenelo.

"Mwina mwanayo ankaopa galu," anatero motsitsa mawu.

"Galu uti?"

"Choyezera chinali kuseri kwa nyumba ya ahedi. Kunali chigalu chofiira, khutu limodzi. Mwana wanzeru akanangodzaza sabata yonse Lolemba m'mawa, ali pabwino."

Mayiyo anayang'ana tsambalo kutsogolo ndi kumbuyo. "Mulibe galu m'buku muno."

"Galu salembedwa m'buku la mvula!"

"Ndiye mwamudziwa bwanji?"

"Ndikungoganiza."

"Mpaka khutu?"

"Ndili ndi mutu woganiza kwambiri."

"Tsamba limeneli ndi lotchuka, bambo," anatero mayiyo monyadira. "Fomu iliyonse imayambira pomwepa. Ana akabwera ndi timavidiyo ta pafoni toti dzuwa layandikira, kapena toti kutentha n'kwabodza, ndimawatsegulira apa. Ndimati: funsani kuti wayeza ndani, wayeza ndi chiyani, ndipo ena apeza zomwezo? Mwanayu anamupatsa ndi dzina. Amati Kambewa wa Febuluwale."

"Kambewa!"

"Chifukwa anatidyera zaka zitatu. Anamujambulanso pakhoma la Fomu 2, makutu ngati mbale."

"Makutu ake anali abwinobwino!" Akunja anamenya tebulo, choko n'kudumpha. "Mwana ameneyo mukumunamizira! Mvula imeneyo inagwa! Ndinaiona ndi maso angawa!"

Mayiyo anaima njo. Kenaka anatenga cholembera.

"Munaiona? Pa 30 Febuluwale?"

"Inagwa ya matalala."

"Abale! Mboni!" Anayamba kulemba mofulumira. "Akatswiri aja anati tikapeza munthu wodalirika amene analipo, tiwadziwitse. Inu ndinu ophunzira, mwayenda. Ndiwatumizira lero lomwe, ndi dzina lanu. Inayamba nthawi yanji?"

"Dikirani kaye."

"Matalala aakulu bwanji? Ngati mtedza, kapena ngati dzira?"

"Musalembe dzina langa."

"Umboni wopanda dzina ndi mphekesera, bambo. Likhala pamwamba penipeni. Mwina zaka zitatuzi azibwezeretsa chifukwa cha inu."

Akunja anaona bodza lawo la ali mwana likukwera masitepe a yunivesite, litavala tayi, likulowa m'malipoti omwe aja ankawalemekeza. Dziko lozizira limene analilira zaka zonse ali kunja, lija ankauza anzawo kuti mvula yake siphonya, linali lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe, atabisalira galu kuseri kwa thanki ya madzi.

"Ikani cholemberacho pansi, mayi."

"Ndatsala ndi mzere umodzi."

"Sikunagwe mvula. Kunalibe matalala. Kunalibe ndi tsiku lomwe."

"Ndiye munaona chiyani?"

"Galu! Ndinaona galu basi! Ndine ndinalemba zimenezi. Zonse. Ma 24 onsewo ndi anga."

Mayiyo anawayang'ana nkhope, kenaka makutu, kenaka nkhope.

"Inuyo?"

"Ineyo. Tsopano tsekani bukulo, zikhale za awiri. Ndikalankhula za madzi oundana akumpoto. Ndili ndi zithunzi."

Belu linalira. Panja panamveka mapazi a ana akukhamukira kuholo mokokera, monga amachitira akamva kuti kwabwera mlendo wophunzira. Mayiyo anali atafika kale pazenera, maso akuwala ngati wapeza m'bale wotayika.

"Aphunzitsi, chonde," ananong'ona Akunja. "Ndine mlendo wolemekezeka."

"Kwambiri, bambo. Chiyambire sukulu ino sitinalandirepo munthu wotchuka chonchi." Anakankha zenera, nafuula: "Ana inu, thamangani mukapeze malo kutsogolo! Kambewa wabwera yekha!"